Wotchi yanu siona makalori, ingolota

Loweruka lililonse, dzuwa lisanatenthe, ma status a pa WhatsApp amakhala atadzaza kale na mikono. Mkono wa thukuta, wotchi yakuda, pagalasi nambala: 812 kcal. Wina 640. Wina wochoka ku aerobics 1,050, pansi waikapo tumoto tutatu. Ikakwana nthawi ya masana, anthu amodzimodziwo atumiza zithunzi za chipisi na soseji, ati "nasewenzera, lekani nidye." Thukutalo n'lenileni, sitikana. Kuthamangako n'kwenikweni. Koma nambala ija ni yopeka. Palibe chinthu pamkono panu chimene chinapimapo kalori olo imodzi. Wotchi yawerenga kugunda kwa mtima, yatenga zaka na kulemera kumene munalembamo tsiku lija munaigula, yachita masamu ake, ndipo yakupatsani yankho lolota ngati kuti ni risiti ya mu shopu.

Chikanakhala chosewera chabe, sembe tangoseka n'kupitirira. Vuto n'lakuti tayamba kudyera pa nambala imeneyi, kulipira ndalama chifukwa cha iyo, na kunyozana nayo. Ndipo nkhani ya thupi si yaing'ono kuno kwathu. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti mu Zambia pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa anayi ni wonenepa kupitirira muyeso, ndipo pafupifupi mmodzi pa asanu ali na BP yokwera. Achinyamata amene auka 5 koloko kukathamanga m'mbali mwa msewu achita chinthu chanzeru maningi. N'chifukwa chake zimatiwawa kuona kagalasi ka pamkono kawanamiza.

Kodi makalori amapimidwa bwanji zoona zake? Thupi silingawotche chakudya popanda okosijeni, monga mmene mbaula siingayake mukaivundikira na beseni. Choncho asayansi akafuna kudziwa mphamvu zimene munthu wasewenzetsa, amamuveka chopumiramo chophimba mphuno na kamwa, amamukweza pa makina othamangirapo, n'kupima mpweya umene ulowa na umene utuluka. Lita imodzi ya okosijeni imene thupi lasewenzetsa ni pafupifupi makalori 5. Kupima ni kumeneko. Manje yang'anani wotchi yanu. Ili na paipi yopita kumphuno? Ilibe. Chimene ili nacho ni tumalaiti twa girini kunsi kwake. Tumawalitsa pakhungu, magazi amameza kuwala kwina, kotsalako kumabwerera, ndipo wotchi imaona magazi akuchuluka na kuchepa m'mitsempha. Apo ndiye pathera zimene imadziwa pa mtima wanu: kuti wagunda kangati pa mphindi.

Tiyerekeze kuti mwaimirira pa Great East Road m'mawa kuwerenga mabasi olowa mu town, ndiye wina akufunsani kuti ni anthu angati alowa mu town lero. Mabasi mwawerenga bwino, olo imodzi simunaphonye. Koma simudziwa kuti zingati zinali Hiace, zingati zinali Rosa, iti inali yodzaza mpaka kondakitala kulendewera, iti inali na anthu atatu. Mtima nawo ni chimodzimodzi. Kugunda kulikonse ni basi imodzi. Mtima wa munthu amene wathamanga zaka zisanu umaponya magazi ambiri pa kugunda kumodzi kuposa mtima wa amene wayamba mwezi watha, ndipo minofu yake imatsitsa okosijeni wambiri m'magazi amenewo. Anthu awiri, zaka zolingana, kulemera kolingana, onse mtima uli pa 150: wina ali kuwuluka, wina ali kudzikoka. Ntchito imene achita ni yosiyana kutali, koma wotchi yowerenga mabasi chabe ingawapatse nambala zofanana.

Kuwonjezera apo, mtima uli na zifukwa zake zothamangira zimene sizikhudzana na kuwotcha mafuta. Thamangani njira imodzimodzi, liwiro limodzimodzi, tsiku lina m'mawa mu June, tsiku lina masana mu October. Mu October mtima udzakwera, chifukwa thupi litumiza magazi ambiri kukhungu kuti muzizire, ndipo madzi amene mwataya m'thukuta achepetsa magazi obwerera kumtima. Wotchi idzakuyamikirani na makalori owonjezera, koma mtunda ni womwe uja. Khofi na zakumwa za energy zimakweza mtima. Kusagona kumakweza. Kuchepa kwa magazi m'thupi kumakweza. Galu wa eni ake akakuthamangitsani pageti, mtima udzakhalabe pamwamba olo mutaima kale. Munthu amene thupi latentha na maleriya, ali gone pabedi, mtima wake umagunda mofulumira kuposa masiku onse. Kodi timupatse mendulo? Anyamata a nsimbi, inunso mumve: mukamakankha chitsulo cholemera mutagwira mpweya, mtima umalumpha kwambiri kuposa okosijeni amene minofu ikudya. Masamu ambiri ogwirizanitsa mtima na makalori anapangidwira kuthamanga na kupalasa njinga mosalekeza, osati kunyamula, kupuma, kuona foni, kunyamulanso.

Masamu amenewo si ufiti. Imodzi mwa njira zodziwika inachokera pafupi pompa, ku University of Cape Town, mu 2005. Ofufuza anapima anthu 115 ozolowera maseŵera olimbitsa thupi, n'kupanga njira yolotera makalori kuchokera pa kugunda kwa mtima, zaka, kulemera, na kuti munthuyo ni mwamuna kapena mkazi. Ni ntchito yabwino, ndipo eni ake sanakambe kuti ni sikelo. Imakamba za munthu wapakati pa gulu limene linapimidwa. Inu simuli munthu wapakati, ndimwe imwe. Palinso lamulo lija limene aliyense wa ku jimu amalidziwa, lakuti mtima wanu sungapitirire 220 kuchotsapo zaka zanu. Linatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ngati chongoyerekezera, ndipo kwa munthu mmodzi lingaphonye na kugunda 10 kapena kuposa, kumwamba olo pansi. Pa maziko otere ndiye pamamangidwa nambala imene mumaika pa status. Makampani opanga mawotchi amasakanizako zina, monga kugwedezeka kwa mkono na GPS, koma masamu awo enieni amawabisa ngati chinsinsi cha bizinesi. Mwagula wotchi, koma kufunsa mmene yafikira pa 812, palibe amene adzakuyankhani.

Ena anafunsa m'malo mwathu. Mu 2017 gulu la ku Stanford University ku America linatenga anthu 60, akazi 31 na amuna 29, n'kuwaveka zipangizo zisanu na ziwiri za pamkono: Apple Watch, Fitbit Surge, Samsung Gear S2, Microsoft Band, Basis Peak, Mio Alpha 2 na PulseOn. Anawakhazika pansi, anawayendetsa, anawathamangitsa, anawapalasitsa njinga, kwinaku akupima mtima na mpweya na makina a m'chipatala. Pa kugunda kwa mtima zipangizozo zinachita bwino: zisanu na chimodzi zinaphonya mosafika 5 peresenti. Pa makalori zonse zinagwa. Chimene chinayesako chinaphonya na 27 peresenti. Choipitsitsa chinaphonya na 93 peresenti.

Tiike manambalawa m'mbale kuti aoneke. Ngati thupi lanu lawotchadi makalori 400, wotchi yophonya na 27 peresenti ingakuuzeni 290 kapena 510, ndipo imeneyo ndiye inali namba wani. Yophonya na 93 peresenti ingakuuzeni 770. Mayi wogulitsa kapenta ku Soweto atakhala na sikelo yotere, msika wonse ungamuukire tsiku lomwelo. Wotchi timaipukuta na malaya n'kuijambula.

Mu kafukufuku yemweyo munali mfundo imene iyenera kutiimitsa ife makamaka: kuphonya kunali kokulirapo kwa amuna, kwa anthu onenepa, kwa anthu a khungu lakuda, komanso poyenda. Chifukwa chake n'chomveka. Chimene chimadetsa khungu lathu chimameza kuwala kwa girini, ndiye kuwala kobwerera ku wotchi kumachepa. Kuti tisanamizane, mu 2020 ofufuza a ku Duke University anayesa anthu a makungu osiyanasiyana ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni chifukwa cha khungu. Chimene anapeza n'chakuti mawotchi amaphonya kwambiri munthu akamayenda-yenda kuposa akakhala phee. Asayansi akali kukangana pa za khungu. Koma taonani amene atchulidwa: wakuda, wonenepa, woyenda pansi. Uyo ni mnzathu wa ku Chawama amene wagula wotchi ndendende chifukwa afuna kuchepetsa thupi, ndipo wayamba na kuyenda chifukwa kuthamanga sanakwanitse. Amene afunikira kwambiri nambala yoona ndiye amene ali pangozi yaikulu yonamizidwa.

Wina adzakamba kuti 2017 ni kale, mawotchi a manje ni anzeru. Mu 2020 ofufuza ena anasonkhanitsa zolemba 158 zoyesa zipangizo za makampani asanu na anayi, ndipo pa makalori sanapeze kampani olo imodzi yolondola. Mu 2025 a ku University of Mississippi anaphatikiza makafukufuku 56 a Apple Watch yokha: pa mtima kuphonya kunali pafupifupi 4 peresenti, pa makalori pafupifupi 28 peresenti. Zaka zisanu na zitatu zapita, magalasi akula, mitengo yakwera, nambala yaima pomwe paja. Siikuyenda chifukwa vuto si kuchepa kwa luso la opanga. Vuto n'lakuti mkono si mphuno. Olo lamba wa pachifuwa, amene amawerenga mtima bwino kuposa wotchi iliyonse, akafika pa makalori amalota chimodzimodzi.

Ndipo izo ni zipangizo zodula, za makampani okhala na asayansi awoawo. Nanga izi zopanda dzina zodzaza m'tuntemba twa mafoni mu town, zokhala m'kabokosi kolembedwa kuti zimapima mtima, makalori, BP, okosijeni, tulo, mwina na shuga? Zinayesedwa kuti, pa ndani? Pa za BP tikambiretu mwapadera: musasiye kupita kukiliniki chifukwa kawotchi ka mtengo wa nsapato za salaula kakuuzani 120 pa 80.

Tibwerere kumbale, chifukwa uko ndiye kumene bodza ili limadyera anthu. Pali njira yakale yowerengera imene siifuna batire: pothamanga, munthu amawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Nayonso ni yoyerekeza, koma siibisa masamu ake. Munthu wa makilogalamu 70 akathamanga makilomita 5 wawotcha pafupifupi 350. Pa amenewo, pafupifupi 40 akanawawotcha olo akanakhala pampando, chifukwa thupi la msinkhu umenewo limadya pafupifupi makalori 70 pa ola pongokhala na moyo. Mawotchi ena amachotsako gawo limeneli, ena amaliphatikiza, ndipo ambiri a ife sitidziwa kuti yathu imachita chiti. Manje botolo la 500 ml la chakumwa cha shuga ni pafupifupi 200. Supuni imodzi yaikulu ya saladi ni pafupifupi 120, ndipo tonse tidziwa kuti chipisi cha pamsewu sichikazingidwa na supuni imodzi. Botolo limodzi na supuni imodzi, makilomita 5 aja apita. Soseji sitinaiwerenge.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Kwa munthu wathu wa makilogalamu 70, uko ni kuthamanga makilomita 5 maulendo 22, makilomita 110 onse pamodzi: kuchoka mu Lusaka kufika ku Kafue, kubwerako, n'kukhalabe na nkhongole ya msewu. Tsopano ngati wotchi imuwonjezera makalori 200 abodza tsiku lililonse lothamanga, kanayi pa wiki, ndipo iye amadya kubwezera zimene wotchi yakamba, pa mawiki khumi wadya makalori 8,000 amene sanawasewenzere. Kilogalamu yathunthu. Ndiye akwera pasikelo pambuyo pa miyezi itatu ya kuuka usiku, apeza palibe chasintha, akamba kuti "thupi langa silimvera," ena amuuza kuti ni chibadwa cha kwawo, ndipo nsapato zothamangira zipita pansi pa bedi. Sanalephere iye. Anapatsidwa masamu olakwika.

Thupi nalo lili na machenjera ake. Mukalithamangitsa m'mawa, limayesa kubwezako pang'ono masana: mumakhala pansi kwambiri, mumakwera basi pamtunda umene mukanayenda, ndipo m'kati limachepetsa zina zimene limawotcha mwakachetechete. Kafukufuku wa 2021 wa anthu oposa 1,700 anapeza kuti pa makalori 100 owonjezera amene munthu wawotcha pogwira ntchito, thupi limabweza pafupifupi 28. Herman Pontzer na anzake atapima Ahadza a ku Tanzania, anthu osaka nyama na kukumba mizu amene amayenda mitunda tsiku lililonse, anapeza mu 2012 kuti pa tsiku lathunthu amawotcha makalori ofanana na a anthu a ku America na ku Ulaya a msinkhu wolingana nawo. Wotchi siidziwa zimenezi. Imaona ola limodzi, n'kuwomba m'manja.

Kumbali ina kuli amene nambala imawapweteka mosiyana. Mtsikana amene waika app yowerengera chakudya, madzulo aona kuti wotchi yamupatsa 180 pamene mnzake wa pambali yamupatsa 500 pa kalasi imodzimodzi, ndiye agona osadya nsima kuti "alipire." Mwina wotchi yake inali yomasuka pamkono. Mwina mtima wake ni wolimba kuposa wa mnzake, chifukwa pa ntchito yolingana mtima wozolowera umagunda pang'ono. Ichi ndiye chopusa kwambiri pa mpikisano wa makalori umene timachita m'magulu athu a WhatsApp: kawirikawiri umapereka chikho kwa amene ali wefuwefu, n'kulanga amene walimba. Mukamapita patsogolo, nambala yanu pa njira imodzimodzi imatsika, ndipo m'malo mosangalala mumadandaula.

Aphunzitsi a m'majimu na a ma boot camp, tikulemekezani, ambiri a inu mumagwira ntchito yabwino pa ndalama zochepa. Koma lekani kulemba pa mapositala kuti "wotchani makalori 1,000 pa ola limodzi." Mwa masamu aja, munthu wa makilogalamu 70 afunika kuthamanga makilomita 14 mu ola limodzi osaima kuti afike pamenepo. Ni angati m'kalasi mwanu angachite zimenezo? Mukamazungulira pambuyo pa kalasi kuyang'ana mikono ya anthu na kuyamikira wa nambala yaikulu, mukuwaphunzitsa kukhulupirira kagalasi kuposa inu amene munawaona na maso akuchita.

"Koma imandilimbikitsa." Mawu awa timawamva maningi, ndipo sitiwapeputsa. Ngati kawotchi kamakuutsani pabedi, kasewenza ntchito. Koma kulimbikitsa na kuchepetsa thupi ni zinthu ziwiri. Ku University of Pittsburgh anatsatira achinyamata oposa 450 a zaka 18 mpaka 35 kwa zaka ziwiri, onse ali pa pulogalamu yochepetsa thupi. Theka anapatsidwa chipangizo chovala kumtunda kwa mkono chowauza mmene asewenzetsera mphamvu, theka sanapatsidwe. Zotsatira zinatuluka mu 2016: opanda chipangizo anataya makilogalamu 5.9, okhala nacho 3.5. Chipangizo chimenecho sichinali wotchi ya mtima ngati za lero, ndipo kafukufuku mmodzi satseka nkhani. Koma aliyense wokuuzani kuti kuona nambala pakokha kumaondetsa, mufunseni umboni wake.

Chinanso chimene nambala iyi yatichita ni kutiiwalitsa kuti ntchito ya thupi ni chiyani. Mnyamata wokankha wilibala yodzaza masaka a malasha kuchoka kumsika mpaka ku komboni alibe wotchi, alibe status. Mayi wonyamula chigubu cha malita 20 pamutu, maulendo anayi m'mawa uliwonse madzi akavuta, sanamvepo za kcal. Ife tayamba kuona ngati kuyenda kumene sikunalembedwe na wotchi sikunachitike, mpaka ena batire ikatha sapita n'komwe kukathamanga. Samuel Matete anatenga golide wa dziko lonse pa 400 mita yolumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991, kulibe smartwatch padziko. Chimene othamanga a nthawi imeneyo anali kuyang'ana ni mtunda na nthawi, zinthu zimene zimapimikadi.

Wotchi musaitaye, munagula na ndalama. Isewenzetseni pa zimene imadziwa. Nthawi imadziwa: bungwe la WHO limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa wiki za maseŵera apakati, kapena 75 mpaka 150 za amphamvu, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu, ndipo m'malangizo amenewo muyeso ni mphindi, osati makalori. Kuti mudziwe ngati muli pakati kapena pa mphamvu, yesani kukamba: ngati mukamba bwino koma simungaimbe, muli pakati, ngati mawu atuluka awiri-atatu n'kupuma, muli pa mphamvu. Mtunda imadziwa, ngati ili na GPS kapena mwanyamula foni. Mtima imadziwako ndithu, mukaimanga bwino pamwamba pang'ono pa kafupa ka padzanja. Onani kugunda kwanu m'mawa musanauke. Kwa akuluakulu ambiri kumakhala pakati pa 60 na 100, ndipo kukamatsika pang'onopang'ono pa miyezi ya kuthamanga, ndiye kuti mtima ukulimba. Onani njira yanu ya masiku onse: ngati mu March munali kuitsiriza pa mphindi 40 ndipo mu June muitsiriza pa 34 mtima uli pamodzimodzi, icho si cholota. Za mafuta, funsani sikelo imodzimodzi kamodzi pa wiki na lamba wa buluku. Mawotchi ambiri amalola kusankha zooneka pagalasi. Chotsanipo makalori, ikanipo mphindi.

Ndipo amene mukali kufuna kugula, yesani musanapereke ndalama. Valani, yendani mofulumira mphindi ziwiri, imani, ikani zala ziwiri pamtsempha wa dzanja linalo, werengani kwa masekondi 30, chulukitsani kawiri, yerekezani na zimene wotchi yalemba. Nambala ya mtima mungaigwire bodza pomwepo, pamaso pa wogulitsa. Ya makalori simungaiyese na zala, ndipo wogulitsa nayenso sangaiyese. Akayamba kuitamanda, mufunseni kuti imaphonya na maperesenti angati, ndipo muone ngati pakabokosi palembedwa.